Funsani Alangizi: Akuwerengeranji ng'ombe zathu?

Funso: Zikomo alangizi. Ine ndine mlimi kuno kwa Ngabu, ndimalima mapira ndi thonje pang'ono, madzi akaphwa timatsikira kudimba. Mwezi watha kunabwera mlangizi wa boma ndi kafoni kake, kuzungulira munda wonse ati akuyeza, kenako mafunso mbwee, mbuzi zingati, munakolola matumba angati. Ng'ombe ndinatchula 3 pomwe zilipo 7, poti anzanga anati ukanena zoona sulembedwa pa chithandizo, mwinanso ndi za msonkho. Ndinalakwa kodi? Nanga zimenezi zimapita kuti?
Mlimi wa kwa Ngabu, Chikwawa

Yankho: Bambo, kunena mosapsatira munalakwitsa, koma sindikudabwa, ng'ombe kuchigwako ndiye banki ndipo palibe amaulula za kubanki kwake kwa munthu wongofika.

Za msonkho iwalani. Unduna wa zamalimidwe umachita kauniuni wa zokolola katatu pa chaka, amamutcha APES, koyamba mbewu zikadali m'munda, komaliza anthu atakolola. Mlangizi zomwe walemba amapereka ku EPA (ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu), zipite kuboma, zidutse ku Shire Valley ADD, ofesi yaikulu ya zaulimi kuchigwako, yomwe ili konko kwa Ngabu, basi mpaka ku Lilongwe. Manambala omwewo ndi amene komiti younika za njala ya MVAC imayang'anako ikamanena kuti chaka chino anthu akuti adzasowa chakudya. Koma dzina la wolandira chimanga silichokera mu kafoni kaja ayi, kalembera wa zimenezo ndi wina.

Ndiye taganizani, kwanuko matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi savuta kubuka, paja njati za ku nkhalango ya Lengwe, zomwe zimanyamula matendawa, ndi aneba anu. Boma likamaitanitsa katemera limawerengera ng'ombe zomwe zili pa pepala, ndiye aliyense akabisa 4 ngati inuyo katemera abwera wochepa, tsiku lobaya mukafika ndi zonse 7 adotolo a ziweto angokuuzani kuti mabotolo atha, mudzakwiyira ndani?

Komatu boma nalo lisadziyeretse. Mlangizi m'modzi midzi yambirimbiri, njinga yakapalasa, dzuwa la ku Nsanje lija, ena amangokhala pansi pa mtengo nkulemba zongoganizira, chaka chatha 10 ndiye chino tiike 11. Mlimi naye akati "matumba 5" sitidziwa ngati ndi a 50kg kapena odzadza mpaka kusoka movutikira, wina amayeza ndi ndowa, wina ngolo. Chinanso chomwe chimandinyansa ine, maso onse amakhala pa chimanga cha dzinja, pomwe kuchigwa anthu amadalira mapira, mchewere, chitowe ndi mbatata zakudimba. Madzi a namondwe Freddy atasefukira mu 2023 minda ina kwa Makhanga ku Nsanje inakwiririka ndi mchenga, nanga pepala lakale lingadziwe zimenezo? Apa pofunika masikelo, ma GPS, mafuta a njinga zamoto, anthu odziwa kusanthula manambala pa boma pomwepo, komanso kalembera wamkulu wa ulimi ndi ziweto ngati uja anachita a NSO, ofesi ya boma ya zakalembera ya ku Zomba, mu 2006/07 azichitika pafupipafupi.

Inuyo gulani kope la sukulu, muzilemba tsiku lodzala, matumba, zobadwa ndi zakufa m'khola. Mlangizi uja akabweranso muwauze kuti ng'ombe 4 zija zinali kudambo.