Madontho a Penti Pansi, Pazenera ndi Pachitenje: Yankho kwa Mayi wa ku Moatize

Mayi wina wa ku Moatize wandilembera pa imelo kuti mmisiri amene anawapakira nyumba mwezi watha anasiya madontho a penti pansi pasimenti, pamagalasi a mazenera ndiponso pachitenje chimene chinali pakhonde. Akufunsa ngati angachotse ndi petulo, monga awauzira anansi awo.

Mayi, petulo musamulowetse m'nyumba n'komwe, chifukwa mpweya wake umayenda chapansipansi ndipo ungathe kuyaka ngakhale mbaula ili kukhonde. N'kutheka kuti anansi anuwo ankanena petróleo, amene m'masitolo athu kuno ndi parafini wa nyali, pamene petulo wa galimoto ndiye gasolina. Mayina awiriwa amasokoneza anthu ambiri, choncho funsitsani musanagule.

Musanayambe kukhula paliponse, dziwani kaye mtundu wa penti. Ngati pachitini palembedwa tinta plástica, ameneyo ndi wa madzi. Ngati palembedwa esmalte sintético, ndi wa mafuta, amene nthawi zambiri amapakidwa pazitseko ndi pazitsulo za mazenera. Chitinicho chikakhala kuti chinatayidwa, nyowetsani kansalu koyera ndi sipiriti ya kufamasi, mutikite dontho limodzi. Utoto ukamamatira pakansaluko, pentiyo ndi wa madzi, koma ukakhala osasintha, ndi wa mafuta.

Pansi pasimenti ndi pamene pamafunika kuleza mtima kwambiri. Kutentha kwa ku Moatize, kumene miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, kumaumitsa penti msanga kuposa mmene zimakhalira ku Ulongue kapena ku Tsangano, motero madontho a mwezi watha agwira zolimba. Ngati ndi wa madzi, phimbani madonthowo ndi chiguduli chonyowa ndi madzi otentha a sopo, chikhale pamenepo pafupifupi theka la ola, kenako mupale ndi kachitsulo kaphanthiphanthi kamene amisiri amamatira nako ming'alu, mutakagoneka chopendeka. Mudzaona m'mphepete mwa dontho mukutukuka ngati khungu la phala lozizira, ndipo likafika pamenepo limachoka lathunthu. Lokanirira lithireni sipiriti. Ngati ndi wa mafuta, madzi sathandiza. Dontherezani diluente kapena aguarrás, mankhwala osungunulira penti, mudikire mphindi zingapo mazenera ali otsekula, mupale, kenako mutsuke ndi sopo. Parafini amathandiza pentiyo akadali wauwisi, koma akauma mphamvu yake imachepa. Ndikukupemphani kuti muyambire pakona yobisika, chifukwa mankhwalawa amasukulutsa polishi wofiira, ndipo banga loyera pakati pa chipinda limaoneka moipa kuposa dontho lenilenilo.

Magalasi savuta. Anyowetseni ndi madzi a sopo, mukankhe dontho ndi lezala latsopano molunjika mbali imodzi; lezala la dzimbiri kapena galasi louma ndizo zimasiya mikwingwirima.

Za chitenje ndiye ndinene zoona: penti wa mafuta akauma pansalu ya thonje sachoka yense kawirikawiri. Wa madzi mungamufewetse ndi sipiriti, mutatembenuza nsaluyo ndi kuyala chiguduli kunsi kwake kuti utoto uzipita m'chigudulimo, kenako mutikite ndi mswachi wakale. Musachisite mpaka banga litatheratu, chifukwa kutentha kwa simbi kumakhazikitsa utoto mu ulusi.

Penti wa mafuta akakumatani m'manja, pakani mafuta ophikira, mutikite, musambe ndi sopo, chifukwa diluente amaumitsa ndi kung'amba khungu. Ziguduli zonse zimene zanyowa ndi penti wa mafuta kapena mankhwalawa musaziunjike m'ndowa, pakuti zikaunjikana zingatenthe zokha mpaka kuyaka. Ziyaleni panja chilichonse pachokha, kutali ndi moto komanso ana, ndipo muzitaye zitauma gwa.