Yankho kwa amalume pa mawu a Trump okhudza Asilamu

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu uja ndaumvera, pomwe mukufunsa kuti kodi Trump analakwa chiyani ponena kuti Asilamu asamalowe ku America, poti iye amangoteteza anthu ake kwa zigawenga. Ndingoyankha pakamwa, kulemba kunditalikira.

Mantha a anthu aja ine sindikuwapeputsa ayi. Pa 2 December 2015 ku San Bernardino, m'chigawo cha California, mwamuna ndi mkazi wake anawombera anthu paphwando la kuntchito, anthu 14 n'kufa. Zimenezo n'zowawa. Koma pa 7 December pomwepo Trump, akadali pa kampeni, anati Asilamu onse aletsedwe kulowa m'dzikomo. Onse, amalume. Sanatchule zigawenga, anatchula chipembedzo. Ine ndi inu tikusiyana pamenepo.

Tamverani bwino apa. Mwamuna uja, Syed Farook, anabadwira ku Chicago, anali nzika ya America, ndiye kutseka malire kukanamuletsa bwanji? Mkazi wake anali wa ku Pakistan. Tsono lamulo la Trump loletsa anthu kulowa m'dzikomo litatuluka pa 27 January 2017 linatchula mayiko 7: Iran, Iraq, Libya, Somalia, Sudan, Syria ndi Yemen. Pakistan mulibemo. Saudi Arabia, kwawo kwa 15 mwa zigawenga 19 za pa 11 September 2001, mulibemonso. Ine ndikaona zimenezi ndimati apa panali kusaka mavoti, chitetezo chinangotchulidwa pakamwa.

Mukati malamulo anamuloleza, simukunama. Mu June 2018 khothi lalikulu la dzikolo linavomereza chiletsocho Trump atachitulutsa kachitatu, oweruza 5 kuvomera, 4 kukana. Komatu okanawo, monga Sonia Sotomayor, anakumbutsa kuti malamulo aakulu a America amaletsa boma kusala chipembedzo chilichonse, ndipo anabwereza mawu a Trump omwewo ngati umboni. Biden anadzachichotsa tsiku lomwe analumbira, mu January 2021.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi nkhani ya bambo wina, Khizr Khan. Mwana wake, Captain Humayun Khan, Msilamu, anafera ku Iraq mu 2004 atavala yunifolomu ya asilikali a America. Mu 2016 bamboyo anaimirira pagulu, n'kutulutsa kabuku ka malamulo a dzikolo m'thumba, kumufunsa Trump ngati anakawerengapo. Munthu anataya mwana chifukwa cha dziko, lero mukumuuza kuti anthu a chipembedzo chake ndi oopsa?

Ndipo sitifunika kupita kutali. Kwa aneba athu ku Mozambique, m'chigawo cha Cabo Delgado, zigawenga zinayamba kuukira ku Mocímboa da Praia mu October 2017. Ambiri mwa ophedwa ndi othawa kwawo ndi Asilamu omwe. Azakhali athu aja a ku Mangochi, amene saphonya kumzikiti Lachisanu, tingawaike m'gulu limodzi ndi anthu odula anzawo mitu? Inuyo simungalole.

Komanso zatifika ife tomwe. Mu August 2025 Amalawi ndi anthu a ku Zambia ofuna viza yokacheza ku America anayamba kuuzidwa kuti apereke chikole, chofika mpaka madola 15,000. Chifukwa chake akuti ena amakhalitsa viza itatha, si za uchigawenga, koma kachitidwe n'komweko, alakwa ndi ochepa, chilango n'cha mtundu wonse. Inuyo amalume mutafuna kukaona mdzukulu kumeneko, ndalama zimenezo mungazitenge kuti? Mundiyankhe mukamvera, ndipo mupereke moni kwa onse kunyumba.