Bambo wa piyano uja amagwira ntchito yanji kwenikweni?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zomwe ndimalemba pano. Akuti mwana wawo anawatengera ku konsati komwe kunali piyano imodzi ndi oimba awiri a opera (sewero lomwe mawu ake amachita kuimba), wamkazi ndi wamwamuna, ndipo anabwerako ndi mafunso. "Sindinaone maikolofoni paliponse, koma mawu ankatipeza kumbuyo kwenikweni komwe tinakhala. Anaibisa pati? Chinanso, pomaliza oimba aja anakokera kutsogolo bambo wa piyano, anthu n'kumuombera m'manja ngati mwini konsati. Iyeyu si wongoperekeza nyimbo basi?"

Mayi, zikomo polemba. Ndiyambe ndi la maikolofoni chifukwa ndi lachidule.

Sanabise kanthu. Opera inayambira ku Florence, m'dziko la Italy, cha m'ma 1600, kulibe magetsi kulibe zokuzira mawu, ndipo kaimbidwe kake kanakulira m'nyumba zomwe munthu ankayenera kumveka ndi pakhosi pake pokha. Mpaka lero ku Metropolitan Opera ku New York, komwe kuli mipando pafupifupi 3,800, oimba amadzaza holo yonse ndi mawu awo, chonsecho kutsogolo kwawo kuli gulu lalikulu la zida. Chinsinsi chake si kukuwa. Katswiri wina wa ku Sweden, Johan Sundberg, anafufuza nkhaniyi m'zaka za m'ma 1970. Anapeza kuti oimba ophunzitsidwa, makamaka aamuna, amatsitsa kholingo n'kutsegula kukhosi mwanjira yoti mawu awo amakhala ndi kulira kwina kwakuthwa cha pa 3,000 hertz (muyeso wa kukwera kwa mawu). Pamenepo zida zambiri zimakhala zitafooka, pomwe khutu la munthu limamva bwino kwambiri. Ndiye mawuwo amadutsa pamwamba pa phokoso lonse ngati mluzu pakati pa chikhamu cha anthu. Azimayi a mawu okwera, otchedwa soprano, ali ndi njira inanso: akamakwera amayasamula kwambiri kuti m'kamwa mugwirizane ndi mawu omwe akutulutsa. Ngati munadabwa ndi kukamwa kwa mayi uja, chifukwa chake n'chimenecho. Luso limeneli limatenga zaka zambiri, ndipo wolitengera phuma amawononga mawu.

Tsopano za bambo wa piyano. Apa mundilole nditafune pang'ono, chifukwa ine ndikakhala m'konsati yotere maso anga amakhala pa iyeyo.

Nyimbo za opera zinalembedwera orchestra, gulu la zida lomwe limatha kukhala ndi anthu 60 kapena kuposa: mavayolini, zitoliro, malipenga, ng'oma. Pa konsati yomwe munapitayo gulu lonselo linalowa m'zala khumi za munthu mmodzi. Amaimba kuchokera m'buku lomwe mbali za zida zonsezo zinapanikizidwa kuti zikwane pa makiyi 88, ndipo iye ayenera kudziwa kuti mzere uwu unali wa chitoliro, uwo wa lipenga, n'kuyesa kuti khutu lanu limve kusiyanako.

Vuto lake ndi lakuti piyano ndi chida chomenya. Bartolomeo Cristofori anaipanga ku Florence komweko cha m'ma 1700, ndipo mfundo yake sinasinthe: mukadina kiyi, kanyundo kovekedwa ubweya kamamenya nsambo n'kubwerera. Kuyambira pomwepo mawuwo amayamba kuzilala. Woimba ndi pakamwa atha kugwira liwu limodzi n'kumalikulitsa pang'onopang'ono, wa vayolini nayenso amatero, koma wa piyano sangathe ngakhale atalira. Amachita kunamiza khutu, pogwiritsa ntchito zopondera za kumapazi ndi kulemera kwa chala chilichonse, kuti inu mumve ngati piyanoyo ikukoka mpweya.

Ndatchula mpweya, ndipo mpamene pagona nkhani. Pa opera yathunthu pamakhala kondakitala, wotsogolera oimba onse, ndi kandodo kake. Pa konsati ya piyano palibe. Woimba akafuna kuchedwa pa liwu lina chifukwa lamukomera usiku umenewo, kapena mpweya ukamuthera msanga, wa piyano ayenera kudziwiratu zisanachitike. Amayang'ana mapewa ndi msana wa woimbayo, amamvetsera mmene akukokera mpweya, ndipo ambiri amapumira naye limodzi. Amadikiranso kuti liwu lifike pa mawu otseguka, monga "a" kapena "o", ndi pomwe amagwetsa zala. Choncho ayenera kudziwa mawu a nyimbo m'Chitaliyana, Chijeremani kapena Chifalansa ngati kuti aimba ndi iye. Woimba akaiwala n'kudumpha mzere wonse, zomwe zimachitika kuposa mmene anthu amaganizira, wa piyano amadumpha naye nkhope ili gwa, omvera osadziwa kanthu. Mwina n'zimene zinachitika usiku wanuwo, ndani akudziwa? Kukokerana kutsogolo kuja nthawi zina kumakhala kuthokoza kwa munthu amene wavuulidwa m'madzi.

Palinso nyimbo zina zomwe piyano ndi theka lenileni la nkhani. Franz Schubert analemba nyimbo zoposa 600 za liwu limodzi ndi piyano. Mu Erlkönig, yomwe analemba mu 1815 ali ndi zaka 18, bambo akuthamanga pa hatchi usiku atanyamula mwana wodwala. Woimba amasinthasintha mawu kukhala wofotokoza, bamboyo, mwanayo ndi mzimu womunyengerera, koma hatchiyo ndi dzanja lamanja la wa piyano, lomwe limagunda mofulumira osapuma pafupifupi mpaka kumapeto. Oimba piyano amaiopa nyimboyi chifukwa mkono umachita kuuma. Chotsanimo piyano, hatchi palibe, mantha palibenso.

Kunena chilungamo, maganizo anuwa si anu nokha, mayi. Kwa nthawi yaitali mayina a anthu amenewa ankalembedwa m'tizilembo ting'onoting'ono pansi pa chikalata cha konsati. Mmodzi mwa amene anasintha zinthu ndi woimba piyano Gerald Moore wa ku England. Popuma ntchito mu 1967, oimba atatu otchuka kwambiri a nthawiyo, Elisabeth Schwarzkopf, Victoria de los Ángeles ndi Dietrich Fischer-Dieskau, anaimba pa konsati yomutsanzika ku Royal Festival Hall ku London, ndipo nyimbo yotsekera Moore anaimba yekha pa piyano. Masiku ano masukulu ambiri a nyimbo amaphunzitsa ntchito imeneyi payokha.

Simunafunse za kuomba m'manja, koma ndikudziwa kuti ambiri zimawasowetsa mtendere. Nyimbo ya opera ikatha, ombani ndithu. Koma ngati pa pulogalamu nyimbo zingapo zalembedwa pansi pa mutu umodzi, dikirani zithe zonse. Njira yosavuta ndi kuyang'ana bambo wa piyano yemweyo: manja ake akadali m'mwamba pa makiyi, phazi lili pa chopondera, nyimbo sinathe, ngakhale woimba atatseka pakamwa. Akawatsitsira pamiyendo, ombani.

Ulendo wina mwana wanu akakutenganinso, mupempheni mukakhale chakumanzere kwa holo mukayang'ana kutsogolo. Kumeneko ndi komwe zala za wa piyano zimaoneka bwino.