Timizere ta pa penti sitichokera ku sopo, tikuchokera ku chisanza

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe. Akuti anaitanitsa Nissan Note yakuda ku Japan miyezi 8 yapitayo, inafika ili mbuu ndi fumbi la pa msewu wa Dar es Salaam koma itatsukidwa inkawala ngati kalilole. Lero akaiimika padzuwa akumaona timizere tozungulirazungulira pa boneti ndi pa zitseko, ngati ukonde wa kangaude. Amaitsukitsa kawiri pa sabata kwa anyamata a m'mbali mwa msewu. Achimwene awo ali ku Johannesburg ndipo akubwera pa Khirisimasi, ndiye funso lawo ndi ili: "Ndiwauze andigulire mankhwala ati, nanga inuyo mumagwiritsa ntchito chiyani?"

Achemwali, mankhwalawo ndikuuzani. Koma ndikangokupatsani mayina a mabotolo ndikhala ndakunamizani, chifukwa botolo lililonse limene achimwene angabweretse likakathera m'ndowa yomwe ija ndi pa chisanza chomwe chija, ndipo timizereto tizingowonjezereka. Komanso munasankha yakuda. Walira mvula walira matope. Pa galimoto yoyera kapena yasiliva timizere timeneti timakhalapo ndithu koma diso silitiona msanga, pomwe yakuda siibisa kanthu.

Penti ya galimoto yanu ili ndi magawo. Pansi pali penti yoyamba yogwira pa chitsulo yotchedwa primer, pakati pali mtundu wakudawo, pamwamba penipeni pali kachikopa koonekera mkati kotchedwa clear coat. Kuwala konse mumakuonako ndi kachikopa kameneka, ndipo n'kopyapyala kwambiri, ma micron 40 mpaka 50 basi, pafupifupi theka la pepala la m'kope. Fumbi lathu la m'mwezi wa October si ufa wofewa ayi, muli timchenga tolimba kuposa pentiyo. Munthu akapondereza nsalu pamwamba pa fumbi limenelo n'kuyamba kupukuta, zimafanana ndi kukwecha galimoto ndi sandipepa. Timizereti timaoneka tozungulira chifukwa cha mmene kuwala kwa dzuwa kumagwera pa zokandika zambirimbiri, ndipo kapukutidwe kozunguliza dzanja kamawonjezera.

Tsiku lina mukapita kokatsukitsa musakhale m'galimoto n'kumaonera WhatsApp. Imani pambali muone. Ambiri amayamba ndi kuphumitsa fumbi ndi nsalu youma. Apo galimoto yakandika kale madzi asanaikhudze. Kenako ndowa ndi imodzi, ndipo mwina ndi yomwe yangotsukira minibasi. Chisanza chimachoka pa tayala kupita pa denga, chikagwa pansi amangochikutumula kawiri n'kupitiriza. Ine zinandionekera pa Corolla yanga yoyamba. Nditadutsa pamalo pamene ankakonza msewu, phula linamatirira m'munsi mwa chitseko, ndipo mnyamata wa pa car wash ina, pofuna kundisangalatsa, anatenga mbali yobiriwira ya siponji yokwechera mapoto. Phula linachokadi. Kuwala nako kunachoka, panatsala chigamba chotuwa chimene ndinagulitsa nacho galimotoyo. Sindinamukalipire. Palibe anamuuzapo, ndipo inenso nthawi imeneyo ndinkatsuka ndekha Loweruka ndi sopo waufa ndi tisheti yakutha.

Nayi njira imene ndimatsata tsopano, ndipo mbali yaikulu siifuna ndalama.

Ndimatsuka pamthunzi, m'mamawa kapena dzuwa likapendeka, boneti ili yozizira moti n'kuikapo dzanja osapsa. Pa chitsulo chotentha sopo amauma musanatsukuluze, n'kusiya mawanga. Ndimayamba ndi matayala ndi marimu, chifukwa ndiko kuli litsiro loipitsitsa, matope ndi fumbi lakuda la mabuleki, ndipo mukawasiyira kumapeto amathovukira pa penti yoyera kale. Matayalawo ali ndi ndowa yawoyawo ndi burashi yawoyawo, zimene sizikhudza penti mpaka kalekale.

Kenako madzi okhaokha, popanda dzanja kukhudza galimoto. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene anthu amafulumira. Thirani kuyambira pa denga kutsika, mpaka madzi otsika m'zitseko asiye kufiira. Ngati mulibe paipi, kheni yothirira ndiwo zamasamba imagwira ntchito bwino kuposa kukhuthula ndowa kamodzi, chifukwa madzi amatsika pang'onopang'ono n'kumanyamula mchenga. Mchenga uliwonse umene watsika ndi madzi ndi mchenga umene sudzakanda penti.

Tsopano ndowa ziwiri. Ina ya madzi a sopo, ina ya madzi oyera otsukuluzira nsalu. Mumaviika nsalu m'sopo, mumatsuka gawo limodzi, mwachitsanzo theka la denga, kenako mumaitsukuluza ndi kuifinya m'ndowa ya madzi oyera musanaibwezere m'sopo. Mukamaliza galimoto yonse suzumirani pansi pa ndowa yachiwiriyo muone mchenga umene wadikha. Wonsewo ukanabwerera pa penti yanu. Alipo timasefa tapulasitiki toika pansi pa ndowa totchedwa grit guard, toletsa nsalu kufika pa mchengawo. Achimwene akatipeza atenge tiwiri, sitilemera. Dzanja lisapondereze, ndipo liziyenda mowongoka, osati mozungulira. Denga, magalasi, boneti, buti, kumtunda kwa zitseko, ndipo kumunsi kwa zitseko ndi mabampala kukhale komaliza, ndi nsalu ina. Nsalu ikagwa pansi yatha ntchito tsiku limenelo.

Kuumitsa nako kumakanda. Ndimayala thaulo lalikulu la microfibre, nsalu yofewa ya tiulusi ting'onoting'ono kwambiri, pa boneti n'kulikoka pang'onopang'ono, osati kukhula. Musaisiye iume yokha, makamaka ngati madzi anu ndi a pa mjigo kapena pachitsime. Madzi amenewa amakhala ndi mchere wa m'nthaka, ndipo dontho likauma padzuwa limasiya kabwalo koyera. Mawanga oterowo akakhala atsopano amachoka ndi viniga wosakaniza theka ndi theka ndi madzi, kenako n'kutsukuluza bwino. Akakhalitsa miyezi amadya clear coat, viniga osathandizanso.

Tsopano za mabotolo.

Sopo waufa wochapira zovala ndi wabwino pa ntchito yake, koma pa galimoto ayi. Ndi waukali, muyeso wa ukali wake wotchedwa pH umafika cha m'ma 10, pomwe shampu wa galimoto amakhala pafupi ndi 7. Amachotsa wax yense, chopaka choteteza ndi kuwalitsa penti, amatuwitsa mapulasitiki akuda ndi malabala a m'mawindo, ndipo timibulu tosasungunuka timakanda. Sopo wamadzi wotsukira mbale ndi wofatsirapo, koma naye anapangidwira kuchotsa mafuta, ndiye wax sakhalitsa. Chimene shampu wa galimoto amaposera onsewa si thovu, ndi kuterera. Nsalu imatsetsereka pamwamba pa penti m'malo mokoka mchenga.

Amene ndimamukonda ine ndi Meguiar's Gold Class. Muyeso wake ndi mamililita 30 pa malita 4 a madzi, ndiye botolo la malita 1.89 limakupatsani ndowa za malita 10 pafupifupi 25. Mukamatsuka kamodzi pa sabata ndi theka la chaka limenelo. Koma ndinene mosabisa kuti shampu wa Shield, wopangidwa ku South Africa komweko, amene amapezekanso m'masitolo ena a zipangizo za galimoto kunoko, amandikwanira bwinobwino Meguiar's akatha. Turtle Wax, Sonax wa ku Germany, Autoglym wa ku Britain, onsewa ndi abwino. Kusiyana kwa shampu wodula ndi wotchipa n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi kusiyana kwa ndowa imodzi ndi ndowa ziwiri. Choncho musawalemetse achimwene ndi zamadzimadzi zimene mungazipeze kuno.

Chimene chimavuta kupeza chabwino kuno ndi nsalu. Microfibre yeniyeni, yokhuthala, yopanda msoko wolimba m'mphepete. Awagulire golovu yotsukira ya microfibre, ziwiri ngati n'kotheka, thaulo lalikulu loumitsira, ndi timathaulo ting'onoting'ono khumi tamitundu yosiyana kuti ta penti, ta magalasi ndi ta m'kati tisasokonezeke. Kasamalidwe kake muwauze a kunyumba: tichapidwe patokha, osati pamodzi ndi zovala za thonje, popanda mankhwala ofewetsa zovala aja chifukwa amatseka ulusi wake, ndipo tisasitidwe chifukwa ndi ta polyester, timasungunuka. Komanso tisayanikidwe pa kapinga kapena pa mpanda wa maluwa monga timachitira ndi zovala zina. Microfibre imagwira kachitsotso kalikonse ndipo siikataya.

Pa zoteteza penti, wax wa carnauba, wochokera ku masamba a mtengo wina wamtundu wa kanjedza wa ku Brazil, amawalitsa galimoto yakuda mokongola zedi, koma padzuwa lathuli mwezi umodzi kapena iwiri wapita. Ine ndinasiya. Ndimagwiritsa ntchito wopopera wa Turtle Wax Hybrid Solutions Ceramic Spray Coating, amene amakhala miyezi ingapo. Mumapopera pang'ono pa galimoto yotsuka ndi youma, mumapaka ndi kathaulo kamodzi, mumapukuta ndi kena. Mukachulutsa amasiya mizere, makamaka pa yakuda. Mudzadziwa kuti watha madzi akasiya kupanga timibulu pa boneti n'kumangoyalana. Ubwino wake kwa ife si kuwala kokha, fumbi silimamatira kwambiri, ndiye gawo lija lothira madzi okha limachotsa zambiri.

Nanga timizere tilipo kaleti? Njira zilipo ziwiri. Kutibisa kapena kutisenga. Autoglym Super Resin Polish amadzaza timizere tating'ono, mumapaka ndi dzanja, galimoto imaoneka bwino, koma pakapita nthawi timabwerera ndipo mumapakanso. Kusenga ndi mankhwala okwecha pang'ono otchedwa compound, monga Meguiar's Ultimate Compound kumatichotseratu, koma kumbukirani kuti kumatero podya clear coat yozungulira mpaka ifanane ndi pansi pa kamzereko. Kachikopa kaja n'kochepa, sikamera kena. Ndiye munthu akabwera ndi mashini opolishira n'kukuuzani kuti azikupangirani mwezi ndi mwezi, mukaneni. Kamodzi, kwa munthu amene mwaona ntchito yake pa galimoto ina yakuda ili padzuwa, ndipo pokhapokha katsukidwe katasintha kaye. Yesaninso ndi chikhadabo: chikamakodwa pa mzerewo, wafika pansi, polishi sangauthe.

Pali tizinthu tina timene timapha penti mwachangu kuposa fumbi. Zitosi za mbalame ndi za mileme zili ndi asidi, ndipo pa denga lakuda lotentha zimasiya chipsera tsiku limodzi lokha. Musazikhule zouma. Ikanipo kansalu konyowa kwa mphindi zingapo, zifewe, kenako nyamulani. Ndimayenda ndi kabotolo ka madzi ndi kathaulo m'buti chifukwa cha zimenezi. Utomoni wa mango nawo ndi womwewo, mthunzi wa mtengo wa mango ndi wabwino kwa anthu, osati kwa galimoto. Phula la msewu limasungunuka ndi palafini pang'ono pa kansalu kofewa, kapena WD-40, kenako mutsukepo ndi shampu ndi kubwezeretsa choteteza chija. Ndipo ena pofuna kudetsa matayala amapaka brake fluid. Musalole ngakhale pang'ono. Brake fluid amasupula penti, ndipo tayala likamazungulira amawazikira m'zitseko. Oilo wakutha nayenso ayi.

Ngati magalasi anu ali ndi tint, pewani mankhwala a mawindo a m'nyumba okhala ndi ammonia, amawononga pepalalo. Madzi ndi microfibre youma zimakwana. Pa dashibodi kansalu konyowa pang'ono basi. Zonyezimiritsa zija zimabweza kuwala pa galasi lakutsogolo mukamayendetsa moyang'ana dzuwa, ndipo zikafika pa chiwongolero kapena pa mapedulo zimaterera.

Mashini opopera madzi mwamphamvu si oipa. Amachotsa mchenga bwino kwambiri, ndipo nyengo ya mvula ikayamba ndi amene amatulutsa matope obisala kunsi ndi m'mapiko a matayala, matope osunga chinyontho amene amabweretsa dzimbiri. Koma kamwa yake italikire masentimita 30 kapena kuposa, ndipo isaloze pamene penti yasupuka kale. Ku injini ine sindilola. Ngati kumbuyo kwa Note yanu kunalembedwa e-POWER, pansi pa boneti pali mawaya a olenji onyamula magetsi amphamvu kwambiri, ndiye kumeneko kansalu konyowa pa mapulasitiki n'kokwanira.

Masiku amene mipopi yauma, alipo mankhwala otchedwa Optimum No Rinse, mamililita 30 m'malita 8 a madzi, otsukira popanda kutsukuluza. Amagwiradi ntchito pa fumbi lochepa la m'tauni. Koma ngati mwachokera ku mudzi pa msewu wafumbi, dikirani madzi abwere. Galimoto yafumbi siiwonongeka poima, imawonongeka poipukuta. Pachifukwa chomwecho kawiri pa sabata n'kochuluka. Kamodzi kokha, ndipo pakati pa sabata munthu asaikhudze ndi nsalu youma, ngakhale mlonda wa ku ntchito amene amachita zimenezi pofuna kukukomerani mtima. Muuzeni mwaulemu kuti azipukuta magalasi okha.

Anyamata anuwo musawathawe. Sankhani mmodzi, muzipita ndi ndowa zanu, shampu wanu ndi nsalu zanu, muime naye ulendo woyamba ndi wachiwiri, ndipo muzimuwonjezera kangachepe chifukwa njira imeneyi imamudyera nthawi imene akanatsukira galimoto ina. Nsaluzo muzibwerera nazo kunyumba, zikagona kumeneko mawa zidzatsuka minibasi.

Ndiye achimwene muwalembere motere, motsatana ndi kufunika kwake: nsalu za microfibre ndi magolovu poyamba, grit guard ziwiri, botolo limodzi la chopopera choteteza, Super Resin Polish ngati m'chikwama mwatsala malo, shampu pomaliza. Ndowa mugule pa msika konkuno, zitatu, zamitundu yosiyana, kuti mnyamata uja asasokoneze ya matayala ndi ya sopo.