Kodi kanjinga ka 125 kangakwanitse ulendo wa gulu?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Luchenza. Mwachidule akuti: "Ndili ndi njinga yamoto yaing'ono, ya injini ya 125cc, yomwe ndimapitira kuntchito. Tsiku lina Lamlungu ndinaona gulu lanu likudutsa pa Thyolo boma, ndipo ndinamva kuti nthawi zina mumakagona kutchire m'matenti. Ndikufuna kulowa nawo, koma ndikuopa kuti ndizitsalira m'mbuyo pakati pa njinga zikuluzikulu. Komanso mayi a kunyumba akuti magulu oterewa ndi a mowa. Ndiyambire pati?"

Achimwene, zikomo polemba, ndipo bwerani ndithu. Njinga yanuyo ndi yokwanira. Pagulu lathu pali njinga zazikulu zingapo, koma ambiri timayenda pa ma Boxer, ma Lifo ndi ma King Lion omwewa mumawaona pa siteji ya kabaza. Lamulo lathu loyamba ndi loti liwiro la gulu limatengera njinga yofooka kwambiri. Kutsogolo kumakhala munthu wodziwa msewu, kumbuyo kwenikweni kumakhala wina wonyamula masipanala, pampu ndi chubu, ndipo ameneyu sadutsa munthu aliyense ngakhale zitavuta bwanji. Mlendo timamuika wachiwiri kapena wachitatu, kuti wotsogolera azimuona pagalasi. Ndiye kutsalira kumene mukuopako kulibe.

Chimene ndikupempheni n'choti musayambire ulendo wogona. Bwerani kaye Lamlungu m'mawa, tiyende ulendo waufupi. Nthawi zambiri timakumana pa Thyolo, n'kutsika msewu wa M2 kudutsa kwanu ku Luchenza mpaka pa Chitakale, kenako timakhotera msewu wa ku Phalombe kukafika ku Likhubula. Pobwerera ena amadzera wa Midima kudutsa pa Nkando. Ulendo umenewu ungaoneke wosavuta, koma ndi umene umaphunzitsa munthu kuyenda pagulu, chinthu chosiyana kwambiri ndi kuyenda wekha. Sitiyenda motsogozana ngati abakha. Wina amakhala chakumanzere kwa mbali yathu ya msewu, womutsatira chakumanja, wotsatira chakumanzerenso, kuti mnzako akagwira buleki mwadzidzidzi ukhale ndi malo othawira. Pamakona timabwerera mumzere umodzi, ndipo makona apakati pa Bvumbwe ndi Thyolo mukuwadziwa nokha. Wotsogolera akaona dzenje amaloza ndi phazi, aliyense n'kulozanso kwa womutsatira. Zimenezi mumazigwira tsiku limodzi.

Zoopsa za kwathu kuno si liwiro lokha. M'minda ya tiyi mumatulukira mathirakitala onyamula masamba, ndipo amalowa mumsewu mwapang'onopang'ono. Tsiku la msika anthu, njinga zakapalasa ndi mbuzi zimadzaza mpaka pakati pa phula. Ana akamva kulira kwa njinga zambiri amathamangira kumsewu kudzaonerera, ndiye tikamadutsa pamudzi kapena pasukulu timatsitsiratu liwiro, osaliza injini mwamatama. Tikapeza masamba ataikidwa pamsewu, timadziwa kuti pali maliro, ndipo timadutsa mwakachetechete. Izi sitinyengererana.

Kenako pali chiperoni. Inu wa ku Luchenza sindingakuphunzitseni za chiperoni, koma kuchiona uli pakhonde n'kosiyana ndi kukumana nacho uli panjinga mu June kapena July. Galasi la chipewa limachita nthunzi, zala zimauma mpaka kulephera kugwira kilatchi bwino, ndipo dothi lofiira la m'misewu ya m'maesiteti limaterera ngati sopo. Chaka china ndinagwa pamsewu wotere ndikuyenda pang'onopang'ono kwambiri, chifukwa chogwira buleki yakutsogolo pamatope. Bondo linanditupa sabata ziwiri. Anzanga awiri anandidzutsa, wina anawongola chiwongolero pomwepo, ndipo ndinakafika kunyumba ndikuyendetsa ndekha. Ndikanakhala ndekha, sindikudziwa kuti ndikanakhala nthawi yaitali bwanji pamenepo. Akuluakulu sananame kuti kuyenda awiri si mantha.

Tsopano za kugona kunja, zomwe ine ndimazikonda kuposa china chilichonse. Timakonda kupita kuyambira mu August mpaka mvula isanayambe. Timanyamuka Loweruka m'mawa kuti tikafike dzuwa likadalipo, chifukwa kumanga tenti mumdima kumakanganitsa anthu. Njinga sizikwera phiri la Mulanje. Timazisiya kumunsi ku Likhubula pamalo pomwe pali mlonda, ndipo ofuna kuyenda amatenga munthu wolondolera njira wa komweko n'kupita ku Dziwe la Nkhalamba. Madzi ake ndi ozizira komanso akuya, ndipo anthu amirapo, choncho wosadziwa kusambira azingoviika mapazi. Zokwera pa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, si za Loweruka ndi Lamlungu lokhala ndi njinga. Umenewo ndi ulendo wina, wofuna masiku ake.

Nthawi zina timazungulira phiri kudzera ku Phalombe n'kukagona pafupi ndi mudzi. Apa ndiye pofunika kusamala kwambiri. Munthu mmodzi amapitiratu masiku angapo tisanafike kukaonana ndi amfumu, kukapempha malo ndi kufunsa komwe sitiyenera kuponda, monga kumanda. Tangoganizani njinga khumi zitangotulukira pamudzi madzulo, anthu ake ovala zipewa zobisa nkhope. Aliyense angachite mantha. Koma ukafika mwaulemu, n'kugula nkhuku, chinangwa, nandolo ndi zinanazi kwa anthu a pamudzipo, madzulo mumapezeka mwakhala limodzi pamoto mukumwa thobwa. Ulendo wina mayi ena anatiphikira kalongonda. Nyemba zimenezi zimafuna kuphikidwa nthawi yaitali n'kumataya madzi ake, apo ayi zimaledzeretsa ndi kudwalitsa, ndiye musadzayesere kuphika nokha pa kampu. Kumbali ya Phalombe imeneyi mudzaonanso miyala ikuluikulu imene madzi anagubuduza kuchokera m'phiri nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023. Mabanja ambiri kumeneko anataya abale awo. Sitiima pamalo oterowo kuti tizijambulitsa tikuseka.

Moto timausonkha pamalo oyera, ndipo sitigona usanazimitsidwe ndi madzi. Nyengo yadzuwa udzu wa m'mphepete mwa phiri umagwira moto msanga, ndipo moto wolusa ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zasakaza mkungudza wa Mulanje, mtengo womwe mwachilengedwe umapezeka m'phiri lokhali. Zinyalala zathu timabwerera nazo.

Katundu musachulutse, chifukwa njinga yaing'ono ikalemera kumbuyo imapepuka kutsogolo. Bulangete, jekete yamvula, tochi, mbale ndi kapu, neti ya udzudzu, basi. Tenti musagule kaye, alipo amene adzakugonekani mu yawo. Mangani katundu ndi malamba a chubu, ndipo onetsetsani kuti palibe chingwe cholendewera pafupi ndi tcheni. Thirani mafuta odzaza thanki dzulo lake, poti mukudziwa mmene petulo amasowera masiku ena. Laisensi, inshuwalansi ndi chipewa chomanga bwino pachibwano ndi zofunika, ndipo wopanda zimenezi sitinyamuka naye. Bwerani mutavala nsapato zotseka ndi buluku lolimba ngakhale kutatentha.

Za nkhawa ya mayi a kunyumba, musawatsutse, chifukwa magulu ena amaterodi. Kwathu alipo omwe amamwa, sindingakunamizeni. Koma botolo limatsegulidwa njinga zonse zitaimikidwa ndipo makiyi ataperekedwa kwa munthu mmodzi wosamwa, amene amawasunga mpaka m'mawa. Amene wadzuka ndi matsire amadikira kaye, ndipo ena amatsala naye. Lamlungu timanyamuka msanga moti ofuna kukapemphera amapeza tchalitchi panjira, ndipo timayesetsa kuti aliyense akhale atafika pakhomo dzuwa lisanalowe.

Njira yabwino yowakhazika mtima pansi ndi kuwaitana. Pamaulendo a Lamlungu amayi angapo amabwera, ena atakwezedwa, ena akuyendetsa okha. Ngati simunazolowere kukweza munthu paulendo wautali, iwo akwere minibasi mpaka pa Chitakale, tidzakumane kumeneko tidyere limodzi chakudya chamasana, awaone okha anthu amene mudzakhale mukuyenda nawo. Ndiyankheni pa imelo yomweyi, ndikuuzani tsiku ndi nthawi yomwe tidzaime pa Luchenza kukutengani.