Kodi Sauron anali wopepera posaika alonda pa Mount Doom?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena a ku Kamwendo, ku Mchinji. Angomaliza kuonera mafilimu atatu a The Lord of the Rings, aja a Peter Jackson anatuluka kuyambira 2001 mpaka 2003, ndiye akufunsa kuti: "Sauron ankadziwa kuti mphete yake ingasungunuke pa Mount Doom pokha, phiri la m'dziko lake lomwe. Bwanji sanaikepo alonda ngakhale khumi? Nanga ankafunanji kwenikweni, kungowononga dziko basi?"

Kwa amene sanaonere, Sauron ndi wolamulira woipa wa dziko la Mordor, ndipo nkhaniyi ndi ya Frodo ndi mnzake Sam, a mtundu wa anthu aafupi otchedwa ma Hobbit, omwe akupita kukaponya mphete yamphamvu ya Sauron m'moto wa phiri la Mount Doom. Achimwene, ndiyamba ndi funso lachiwirilo, chifukwa ndi lomwe likutsekulira loyambalo njira.

Sauron sankafuna dziko labwinja. Wa mtima umenewo anali bwana wake wakale, Morgoth. Sauron poyamba ankatumikira Aulë, mmisiri wosula, ndipo Tolkien, mlembi wa mabuku omwe mafilimuwa anachokerako, analemba yekha kuti Sauron ankakonda dongosolo, nkumadana ndi chisokonezo. Vuto ndi loti dongosololo linkayenera kukhala lake, aliyense azivina ng'oma yake. Mafilimu sakuonetsa bwino zimenezi, angomusandutsa chidiso choyaka pamwamba pa nsanja. Koma m'buku lachitatu, lomwe linatuluka mu 1955, mthenga wa Sauron atakumana ndi Gandalf ndi Aragorn, atsogoleri a adani ake, pa Black Gate, chipata cha Mordor, ananena zomwe bwana wake akufuna: maiko a kum'mawa kwa mtsinje wa Anduin akhale a Sauron mpaka kalekale, a kumadzulo mpaka ku Misty Mountains azipereka msonkho, asamanyamule zida, koma aziyendetsa okha nkhani zawo. Wofuna kupha aliyense sakamba za msonkho.

Ndiponso nkhondo siinali chida chake choyamba. Kwa ma Elf a ku Eregion anapita ndi nkhope yokongola, dzina ali Annatar, mwini mphatso, nkuwaphunzitsa kusula mphete, kwinaku iye akusula mobisa imodzi yolamulira zonsezo. Anthu asanu ndi anayi amene analandira zawo anathera kukhala ma Nazgûl, mizukwa yomutumikira. Ku chilumba cha Númenor ndiye anachita zoopsa zedi. Ataona kuti gulu lankhondo la mfumu Ar-Pharazôn sangalithe, anadzipereka yekha ngati mkaidi. Posakhalitsa mkaidi uja anakhala nduna yomvedwa kuposa onse, mpaka ananyengerera mfumuyo kukathira nkhondo dziko la ma Valar, omwe ali ngati milungu, chilumba chonse nkumira. Luso lake linali lomweli, kupeza chimene mtima wa munthu ukulakalaka nkumukokera pomwepo. Ar-Pharazôn ankaopa imfa, wamatsenga Saruman ankasirira ulamuliro, ndipo Denethor, wolamulira mzinda wa Minas Tirith, anamuonetsa zoopsa zokhazokha m'mwala woonera zakutali wotchedwa palantír mpaka anataya mtima.

Tsopano za alonda zija. Kuno ku Kasungu mlimi akaberedwa belo la fodya amathamangira kwa mavenda, kumsika wa Chinkhoma, mwinanso kunjira zopita kumalire. Simudzamupeza akulondera pamoto kuti mwina wakubayo abwera kudzaliwotcha. Sauron ankaganiza chimodzimodzi. Kwa iye, aliyense wotola mpheteyo aivala ndithu nkudzitcha mfumu, ndiye maso ake anali pa amphamvu oti angathe kuigwiritsa ntchito.

Adani ake anamudyetsa maganizo omwewo. Pippin, Hobbit mnzake wa Frodo, atasuzumira mu palantír ya ku Orthanc, nsanja ya Saruman, Sauron anayesa kuti Saruman wagwira Hobbit wa mphete uja. Kenako Aragorn anadzionetsa dala m'mwala womwewo, lupanga lomwe linadula chala cha Sauron lili m'manja, atalisulanso. Sauron mantha anamugwira, nkufulumira kuthira nkhondo Minas Tirith. Atagonja kumeneko, anaona Aragorn akunyamuka ndi asilikali pafupifupi 7,000 okha kulunjika pachipata cha Mordor. Ndani angachite matama otere ngati sanavale mphete? Choncho anasesa asilikali a m'chigwa cha Gorgoroth kupita nawo kuchipatako, Frodo ndi Sam njira nkuwayerera.

Musaiwalenso kuti Mordor payokha inali linga: mapiri mbali zitatu, Black Gate kumpoto, Minas Morgul kumadzulo, ndi kangaude uja Shelob panjira ya Cirith Ungol.

Chimene ambiri sakonda kumva ndi chakuti masamu a Sauron anali olondola. Isildur, kholo la Aragorn, atadula chala cha Sauron nkutenga mpheteyo anaisunga. Boromir, mnzake wa Frodo paulendo, anafuna kuilanda. Gandalf ndi Galadriel anakana kuilandira podziwa chomwe ikanawasandutsa. Ngakhale Frodo mwini wake, atavutika ulendo wonse uja nkufika pamphepete pa moto, anakana kuiponya, anaivala nkunena kuti ndi yake. Alonda khumi anuwo ntchito yawo mphete inkaigwira kale yokha. Inapsa chifukwa Gollum, yemwe kale anali ndi mpheteyo, analuma chala cha Frodo, nkuterereka akuvina ndi chimwemwe. Ndipo Gollum anafika tsikulo ali moyo chifukwa Bilbo, m'bale wake wa Frodo, kenako Frodo mwini, anamuchitira chisoni pomwe akanatha kumupha. Chifundo chotero Sauron analibe poti nkuchilemba m'masamu ake.

Pomwe ine ndimamudzudzula ndi pa Cirith Ungol. Ma Orc, asilikali a Sauron, anagwira Frodo pakhomo penipeni pa Mordor, chovala chake cha chitsulo cha mithril nkukafika mpaka ku Barad-dûr, nsanja ya Sauron. Sauron ankadziwa kuchokera kwa Gollum, yemwe anamuzunza mpaka kutchula Shire, kwawo kwa ma Hobbit, ndi Baggins, dzina la banja la Bilbo ndi Frodo, kuti mphete ili ndi Hobbit. Umboni wonsewo uli m'manja, iye anangoti ndi kazitape, nkutumiza chovalacho ku Black Gate kuti akaopsezere Gandalf. Apa ndiye achimwene mukhoza kumunena, chifukwa akanangotuma Nazgûl mmodzi kuti azizungulira pakati pa Cirith Ungol ndi phirilo, zikanamuvuta Frodo kudutsa.