Mwana akufuna kuphunzira za mafuta a m'mapiri, kodi ntchito adzaipeza?

Mayi wina walemba kuti mwana wake wamkazi, yemwe watsiriza digiri ya sayansi ya miyala, wapeza malo a masters kunja. Kafukufuku wake ndi wa kupindika kwa miyala m'mphepete mwa mapiri ndi mafuta opezeka m'menemo. Akufunsa kuti: "Kuno kwathu mafuta sitikumba, nanga sakutaya nthawi?"

Mayi, tiyambe tamva zomwe mwanayu azikachita. Zigawo ziwiri zikuluzikulu za nthaka ya dziko lapansi zikagundana, monga momwe chigawo cha Arabia chikukankhira cha Eurasia, miyala yoyalana imakwinyika ngati mphasa yokankhidwa mbali imodzi, ina n'kung'ambika n'kukwera pamwamba pa inzake. Mapiri a Zagros ku Iran ndi Iraq anabwera choncho. Mkati mwenimweni mwa mapiri miyala imakhala yophwanyika kwambiri, ndipo mafuta amakhala atathawa kalekale. Koma kutsogolo, komwe mapiri akuthera m'chigwa, makwinya amakhala aakulu ndi osasweka. Poti mafuta ndi gasi n'zopepuka kuposa madzi, zimakwera n'kukodwa pansonga pa khwinya, bola pamwamba pakhale mwala wotseka. Ku Zagros mafuta ambiri ali m'mwala wa laimu wotchedwa Asmari, ndipo chowatsekera ndi miyala ya mchere ya Gachsaran. Mafuta a ku Masjed Soleyman anapezeka mu 1908, a ku Kirkuk mu 1927. Ku Canada, m'munsi mwa mapiri a Rockies, chitsime cha Turner Valley chinatulutsa gasi mu 1914.

Chovuta n'chakuti m'malo otere zithunzi za seismic (zithunzi za pansi pa nthaka zojambulidwa potumizako mafunde a phokoso) sizioneka bwino chifukwa miyala yaima chopendekeka, pomwe chitsime chimodzi chimadya madola mamiliyoni. Ndiye pamafunika munthu wojambula momwe miyala yagonera pansi, kenaka n'kuiwongola pa kompyuta kuti aone ngati chojambulacho n'chotheka. Luso limenelo ndi lomwe mwana wanu akukatenga.

Tsono nkhawa yanu ndi yomveka. Nthaka ya Malawi ikutambasuka, si kuti ikukankhana, n'chifukwa chake tili ndi chigwa cha nyanja. Ntchito za mafuta nazonso sizikhazikika: mtengo utagwa mu 2014 mpaka 2016, akatswiri a miyala ambiri anachotsedwa ntchito. Akadalira mafuta okha, ayembekeze kukhala kunja ndi kumasamukasamuka.

Komabe ine ndikuti apite. Wodziwa kuwerenga ming'alu ndi makwinya a miyala amafunika ku migodi ngati Kayelekera ndi Kangankunde, pofufuza malo okumba mijigo, ku nthambi ya boma yofufuza za miyala ya Geological Survey ku Zomba, ngakhalenso pounika zivomezi ngati zija za ku Karonga mu 2009.

Asanavomere, afunse sukuluyo ngati maphunzirowo ali ndi ntchito yopita kutchire kukajambula mapu, ngati amaphunzitsa GIS (kupanga ndi kusanthula mapu pa kompyuta), komanso ngati thandizo la ndalama likulipira maulendowo, chifukwa kawirikawiri amakhala okwera mtengo.